KAPU YA MSAMBO NDI AMAYI OTAYA MAGAZI AMBIRI

Mwezi ndi mwezi alipo amayi m'midzi amene amagoneka khasu pansi, kujomba kumsika ndi kumapemphero, ngakhale kulephera kupita kumjigo, chifukwa chakuti msambo wawo ukubwera mwamphamvu. Nyanda imanyowa ola lisanathe, chitenje chimadetsedwa, ndipo usiku mayi amadzuka kawiri kapena katatu kukasintha. M'nyengo ya dzinja nsalu zimene wachapa siziuma msanga, makamaka poti ambiri amaziyanika m'nyumba mobisa. Ena amagula mapadi, koma ndalama zogulira sizipezeka mwezi uliwonse.

Chifukwa cha mavuto otere amayi ena ayamba kugwiritsa ntchito kapu ya msambo. Chida chimenechi nchothandiza ndithu, koma mayi aliyense ayenera kudziwa kuti kapu imangolandira magazi, siichiza chimene chikuwatulutsa. Mayi wotaya magazi ambiri afunika zonse ziwiri, chida chabwino ndiponso kupimidwa kuchipatala.

KODI MAGAZI AMBIRI NDI OCHULUKA BWANJI?

Mayi wabwinobwino amataya magazi okwana mamililita 30 mpaka 40 pa msambo wonse. Supuni yaing'ono ya tiyi imalowa mamililita 5, choncho magazi amenewa ndi masupuni 6 mpaka 8. A chipatala amati msambo wanyanya ngati magazi apitirira mamililita 80. Poti kumudzi palibe amene amayeza, zizindikiro zodziwira ndi izi:

1. Msambo wopitirira masiku 7.
2. Kusintha nyanda kapena padi ola lililonse kapena maola awiri aliwonse.
3. Kudzuka usiku kukasintha, kapena kudetsa mphasa ndi zofunda.
4. Kutuluka kwa magazi oundana aakuluakulu.
5. Kufooka, chizungulire, kugunda kwa mtima ndi kupuma mwawefuwefu pokwera kamtunda.

Chizindikiro chachisanuchi chimasonyeza kuti magazi achepa m'thupi. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'chaka cha 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ku Malawi mayi mmodzi mwa amayi atatu a zaka 15 mpaka 49 anali woperewera magazi. Mayi wotere akamatayanso magazi ambiri mwezi uliwonse, mphamvu zolimira zimatha, ndipo akadzaima amakhala pa chiopsezo chachikulu nthawi yobereka.

KAPU YA MSAMBO NCHIYANI?

Ndi kakapu kofewa kooneka ngati belu, kopangidwa ndi mphira kapena silikoni wa mtundu umene amagwiritsa ntchito pa zipangizo za kuchipatala. Kamapindika ndi zala, ndipo kunsi kwake kuli kamchira kogwirira. Mayi amakalowetsa m'njira yoberekera, m'mene kamatambasuka ndi kukhala kunsi kwa khomo la chiberekero, nkumalandira magazi monga m'mene ndowa imalandirira madzi a mvula. Kakadzaza mayi amakatulutsa, kukhuthula, kutsuka ndi kubwezeramo.

Chida chimenechi si chachilendo pa dziko lapansi. Mayi wina wa ku America dzina lake Leona Chalmers analembetsa kapu yotere ku boma mu 1937. Makapu a masiku ano amalowa mamililita 10 mpaka 38 malinga ndi kukula kwake, ndipo kapu imodzi yosamalidwa bwino ikhoza kukhala zaka zokwana 10.

Mu 2019 magazini ya zaumoyo yotchedwa The Lancet Public Health inasindikiza zimene akatswiri anapeza atasonkhanitsa kafukufuku 43 wokhudza amayi ndi atsikana oposa 3,300 a m'maiko osiyanasiyana. Iwo anapeza kuti kapu siidontha kuposa mapadi, ndiponso kuti pafupifupi amayi 7 mwa amayi 10 alionse amene anaiyesa anafuna kupitiriza nayo. Kafukufuku wina wa atsikana a m'sukulu za pulaimale za kumidzi kumadzulo kwa Kenya, amene anasindikizidwa mu 2016, anasonyeza kuti atsikana opatsidwa makapu sanadwale matenda a kumaliseche kuposa anzawo.

UBWINO WAKE KWA MAYI WOTAYA MAGAZI AMBIRI

Poyamba, magazi amakhala m'kapu osakhudza khungu, motero mayi sanyuka m'ntchafu monga zimachitikira ndi nsalu yonyowa, ndiponso fungo limachepa. Chachiwiri, madzi ndi sopo wochapira nyanda zambiri amapulumuka. Chachitatu, ngakhale mtengo wa kapu uli wokwera pogula, mayi amagula kamodzi kokha.

Ubwino woposa onsewa ndi wakuti kapu imamuuza mayi kuchuluka kwa zimene akutaya. Makapu ambiri ali ndi timizere toyezera m'mbali mwake. Mayi akafika kwa anamwino nkungonena kuti akutaya magazi ambiri, anamwino sadziwa ngati ambiriwo ndi angati, pakuti chochuluka kwa wina nchochepa kwa mnzake. Koma mayi amene walemba kuti tsiku loyamba anakhuthula kapu yodzaza kanayi, tsiku lachiwiri kasanu, ndipo msambo unatenga masiku 8, wawapatsa anamwino poyambira. Amene sadziwa kulemba akhoza kuponya njere ya chimanga m'kachitini nthawi iliyonse imene wakhuthula kapu yodzaza, tsiku lililonse kachitini kake. Tsono nkofunika kudziwa kuti zimene zimagwera m'kapu si magazi okhaokha. Pafupifupi theka lake ndi madzi ndi zina zochokera m'chiberekero. Choncho mayi asachite mantha ndi chiwerengerocho, angochipereka kwa anamwino kuti iwo aweruze.

KAGWIRITSIDWE NTCHITO KAKE

1. Kapu yatsopano iwiritsidwe m'madzi obwadamuka kwa mphindi 5 mpaka 10. Pakhale kapoto kapena chitini chake chapadera, ndipo madzi akhale ambiri kuti kapu isapsere pansi.
2. Mayi asambe m'manja ndi sopo asanaike ndiponso asanachotse kapu. Zikhadabo zikhale zowenga.
3. Apinde kapu pawiri, anjute, amasule thupi, ndipo ailowetse molunjika kumsana.
4. Ikalowa ayendetse chala m'mbali mwake kuti amve ngati yatambasuka. Kapu yotsala yopindika ndiyo imadontha. Ngati kamchira kakubaya, akhoza kukadula pang'ono kapu ili kunja.
5. Pochotsa asakoke kamchira mwamphamvu. Ayambe watsina kunsi kwa kapu kuti mpweya ulowe ndipo kapu ileke kumamatira, kenaka aitulutse pang'onopang'ono ili choimirira.
6. Akhuthule magazi m'chimbudzi, atsuke kapu ndi madzi aukhondo, ndi kubwezeramo. Madzi ake akhale oti munthu angathe kumwa. A pachithaphwi kapena a pamtsinje osawiritsa ngosayenera.
7. Msambo ukatha kapu iwiritsidwenso, iume, ndi kusungidwa m'kathumba ka nsalu kumene makoswe ndi ana sangafikeko.

Kapu isakhale m'thupi kupitirira maola 12, ndipo makapu ena malangizo ake amati maola 8. Mayi wotaya magazi ambiri sadzafika maola amenewa pa masiku oyamba. Adzafunika kukhuthula maola atatu kapena anayi aliwonse, mwinanso pafupipafupi kuposa apa. Asankhe kapu yaikulu, ndipo pa masiku amenewo avalenso kansalu koyera kotchinjiriza. Popita kumunda kapena kumsika atenge kabotolo ka madzi aukhondo.

Pa chimbudzi chokumba pafunika kuchenjera, chifukwa kapu yonyowa imaterereka ndipo ikagwera m'dzenje yapita. Mayi achotse kapu ali pambali pa dzenje kapena kubafa, kenaka akakhuthule.

Mwezi woyamba umavuta kwa ambiri. Kapu imakana kulowa, mwina kudontha, ndipo mayi amaganiza zoitaya. Amayi ambiri amazolowera pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Kuona maso a nkhono nkudekha.

MANTHA AMENE AMBIRI AMAKHALA NAWO

Ena amaopa kuti kapu ilowa m'mimba nkusowa. Zimenezi sizingachitike, pakuti khomo la chiberekero ndi laling'ono kwambiri ndipo kapu singadutsepo. Ikakwera m'mwamba mayi anjute, adzikankhe monga pochita chimbudzi, ndipo idzatsika. Ikakanikabe apite kuchipatala tsiku lomwelo, anamwino akaichotsa mosavuta. Ena amafunsa ngati ayenera kuichotsa pokodza. Safunika kutero, chifukwa mkodzo uli ndi njira yakeyake. Kapu siiletsa kubereka, ndiponso si njira yolera. Mayi aichotse asanakhale malo amodzi ndi mwamuna wake. Atsikana osakwatiwa ali ndi makapu awo aang'ono, ndipo ndi bwino kuti mtsikana ayambe wakambirana ndi mayi ake pamodzi ndi anamwino.

OYENERA KUSAMALA

Mayi amene wangobereka kumene kapena wapita padera asagwiritse ntchito kapu mpaka patapita masabata 6 ndipo anamwino amuloleza. Amene ali ndi zilonda, kuyabwa kapena chikazi chonunkha ayambe walandira mankhwala. Mayi amene anaikitsa lupu afunse kaye ku sikelo ya kulera, chifukwa amayi ena lupu yawo inasuntha pochotsa kapu. Kapu ndi ya munthu mmodzi. Kubwerekana, ngakhale pachibale, kumafalitsa matenda.

Alipo matenda ena oopsa, ngakhale sachitika kawirikawiri, amene amayamba ngati tizilombo taswana m'magazi okhalitsa. Mayi akatentha thupi mwadzidzidzi, kusanza, kutsegula m'mimba, kutuluka zidzolo kapena kufuna kukomoka ali ndi kapu, aichotse nthawi yomweyo ndipo abale amutengere kuchipatala osadikira kuti kuche.

GWERO LA VUTO LIFUFUZIDWE

Msambo umanyanya pa zifukwa zosiyanasiyana. Kwa amayi ambiri gwero lake ndi zotupa za m'chiberekero zimene si khansa. Kwa atsikana amene angotha msinkhu ndi amayi amene ali pafupi kusiya kusamba, nthawi zambiri ndi kusinthasintha kwa m'thupi kwa pa msinkhu umenewo. Lupu ya kopa imachulukitsa magazi kwa ena, makamaka miyezi yoyamba. Palinso anthu amene magazi awo sachedwa kutuluka koma amachedwa kuundana chibadwire. Mayi amene anadumphitsa mwezi kenaka nkuyamba kutaya magazi ambiri ndi kupweteka m'mimba, mwina ndi pathupi pamene pakuchoka, ndipo ayenera kuthamangira kuchipatala.

Magazi otuluka pakati pa mwezi, otuluka mayi akakhala ndi mwamuna, kapena obwera kwa mayi amene anasiya kale kusamba, si msambo ayi. Akhoza kukhala chizindikiro cha khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri ku Malawi koma imachizika ikapezeka msanga. Mayi wotere asabise magaziwo m'kapu, akayezetse.

Thandizo lilipo. A chipatala amayeza kuchuluka kwa magazi m'thupi ndi kupereka mapiritsi a ayironi. Alipo mankhwala ochepetsa kutaya magazi monga tranexamic acid, ndipo mapiritsi ena olera amathandizanso. Zotupa zikakula madokotala amachita opaleshoni. Mayi wotaya magazi ambiri apewe kumwa asipirini pofuna kuletsa ululu wa msambo, chifukwa amachedwetsa magazi kuundana. Pa chakudya achulukitse nyemba, khobwe, nandolo, bonongwe, chisoso, usipa, matemba ndi chiwindi, pamodzi ndi zipatso monga magwafa, malalanje ndi malambe zimene zimathandiza thupi kulandira ayironi. Tiyi amwe patapita nthawi atadya, pakuti amatchinga ayironi.

Abambo nawonso ali ndi mbali yawo. Mayi wofooka masiku a msambo si waulesi. Afunika sopo, nkhuni zowiritsira kapu, ndalama yoyendera ndiponso womuperekeza kuchipatala.

Nkhani za msambo zimachititsa manyazi, koma anamwino amazimva tsiku ndi tsiku ndipo amasunga chinsinsi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mayi amene waona chimodzi mwa zizindikiro zatchulidwa pamwambazi atenge kabuku kake ka chipatala ndi chiwerengero cha makapu amene anakhuthula, akaonane ndi anamwino msambo wina usanafike.