Ng'oma za m'kompyuta: kuphunzitsa chigayo kusinja ngati munthu

Phokoso la chigayo ndi la mtondo simungalisokoneze ngakhale mutatsinzina. Chigayo chikangolizidwa chimalira liwu limodzi mpaka magetsi atazima. Mtondo ayi. Amayi awiri akamakonola chimanga mumtondo umodzi, minsi imatsika mosinthana, du du, du du, koma palibe kugunda kuwiri kofanana ndendende. Wina dzanja lake ndi lolemera, wina lopepuka. Pena mmodzi amaima kuti abweze chimanga chimene chakwera m'mbali, pena amaponya munsi m'mwamba n'kuwomba m'manja asanauwakhe. Khutu lanu linakula likumva zimenezi. Ndiye chifukwa chake mwana wa m'nyumba mwanu akakuyikirani nyimbo imene wapanga pa laputopu mumatha kunena kuti, "Mawuwo ali bwino, koma ng'omazi zauma," ngakhale kompyutayo simunayigwirepo. Mwamva chigayo pamene mumayembekezera mtondo.

Tiyambe ndi zimene zili m'kompyutamo. EZdrummer, pulogalamu ya ng'oma ya kampani ya Toontrack ya ku Sweden, inatuluka mu 2006, ndipo imagwira ntchito mkati mwa FL Studio kapena Cubase, momwe achinyamata athu ambiri amapangira mabiti. Apple nayo inayika yake yotchedwa Drummer mu Logic Pro X mu 2013, kenako mu GarageBand, ndipo oomba ng'oma ake inawapatsa mayina ngati anthu: Kyle, Logan, Rose ndi ena. Musaganize kuti mawu a ng'omazi ndi opeka. Opanga mapulogalamuwa amakhazika munthu weniweni mu situdiyo masiku ambiri, akumenya ng'oma iliyonse payokha, mofewa, mwapakatikati, mwamphamvu, pakati pa chikopa ndi m'mphepete, kambirimbiri, maikolofoni akujambula. Chimanga chimene chili mu pulogalamuyo ndi chenicheni, chochokera kumunda. Chatsala ndi kasinjidwe basi, ndipo kameneko kali m'manja mwanu.

Choyamba ndi kulemera kwa dzanja. Kompyuta imalankhula ndi zida zoyimbira kudzera mu MIDI, njira imene makampani anagwirizana mu 1983, ndipo kugunda kulikonse kumapatsidwa nambala ya mphamvu yotchedwa velocity, kuyambira 1 mpaka 127. Wongoyamba kumene amakweza zonse kufika pa 127, kapena kuzisiya pa nambala imodzi, poganiza kuti nyimbo imveka yamphamvu. Chigayo chimabadwira pamenepa. Nambalayi siyingokweza voliyumu ayi. Imasankha kuti pa zojambulidwa zija pulogalamu itenge kugunda kuti. Ng'oma yaing'ono ya snare yomenyedwa pa 40 imanong'ona, mumamva ndi timawaya ta kunsi kwake tikunjenjemera, pamene ya pa 120 imaphulika. Mukaumirira pa 127 mwatsekera kunja mawu ena onse amene munthu uja anakhetsera thukuta, mwatsala ndi ochepa ongobwerezabwereza. A ku situdiyo amati zikumveka ngati mfuti ya chiwaya, makamaka snare ikamagunda motsatizana.

Yesani pa hi-hat, timbale tiwiri tachitsulo totsekana tija, chifukwa ndi timene timagunda kawirikawiri kuposa china chilichonse. Munthu akamaomba, dzanja limatsika ndi mphamvu pamene pali biti, n'kupepuka pakati pa mabiti. Lembani 95, kenako 65, kenako 85, kenako 60, mubwereze koma musinthe pang'ono ulendo wachiwiri. Mukangomvetsera mudzaona kuti mutu wayamba kugwedezeka wokha. Kick, ng'oma yaikulu yomenya ndi phazi, ndi snare zikhale cha m'ma 100 mpaka 110 mu vesi, ndipo manambala opitirira 120 muwasungire kolasi yomaliza. Izi ndi zongoyambira, khutu lanu ndi limene liweruze.

Palinso tikugunda tating'ono timene anthu ambiri sadziwa kuti amatimva. Wosinja akakweza munsi, nthawi zina amagogoda nawo pang'ono m'mphepete mwa mtondo kuti chimanga chigwere pansi. Kumeneko si kusinja, koma kutachotsedwa kayimbidwe ka mtondo kangasanduke kena. Pa snare timatchedwa ghost notes, ndipo velocity yake imakhala cha m'ma 20 mpaka 40. Clyde Stubblefield, amene ankaomba ng'oma mu gulu la James Brown, anatchuka ndi timeneti, ndipo kachigawo kake ka mu Funky Drummer kanatengedwa n'kuyikidwa mu nyimbo za hip hop zosawerengeka. Mu Logic muli kabatani kotembenuza kolembedwa Ghost Notes. Kakwezeni pang'ono chabe. Akazimva mlendo n'kufunsa kuti ndi chiyani chikugogodacho, ndiye kuti mwapyola.

Chachiwiri ndi nthawi. Nyimbo ikamayenda pa liwiro la 120, biti imodzi imatenga theka la sekondi. Kompyuta ili ndi mizere yogawa nthawiyo mofanana, ndipo mukadina quantize imakokera kugunda kulikonse pamzere penipeni. Munthu sagunda pamzere penipeni. Roger Linn, amene anapanga makina a ng'oma a LM-1 mu 1980 ndipo pambuyo pake anathandiza Akai kupanga MPC60 ya mu 1988, anaona vutoli msanga n'kuyika chimene lero timati swing: pa kugunda kuwiri kulikonse, kwachiwiri kumachedwa pang'ono. Pa 50 peresenti zonse n'zofanana. Pa 66 nyimbo imadumphadumpha patatupatatu. Malo okoma ali pakati apo, 54 kapena 58, pamene womvera sanganene kuti chasintha n'chiyani koma phewa layamba kuvina. Logic ilinso ndi kabatani ka Feel, mbali ina Push, mbali ina Pull. Push imamupititsa woombayo kutsogolo kwa biti ngati munthu wofulumira, ndipo imayenera nyimbo zachangu. Pull imamubweza m'mbuyo. Okonda rege ya Black Missionaries kapena ya ku Jamaica komweko akudziwa kukoma kwa ng'oma yosathamanga. Mu kaombedwe ka one drop, kamene Carlton Barrett wa The Wailers anatchuka nako, biti yoyamba imasiyidwa yopanda kick, ndipo kick ndi m'mphepete mwa snare zimagwera limodzi pa yachitatu. Kugunda kumeneko mukakufulumizitsa ngakhale pang'ono, rege yathawa.

Tsopano pali msampha umene wakola anthu ambiri, ndipo ndikufuna tikhalepo kaye. Mapulogalamu ambiri ali ndi batani lolembedwa Humanize. Dzinalo limanyenga, munthu amaganiza kuti akangodina ntchito yatha. M'mapulogalamu ambiri batanili limangomwaza kugunda mwachisawawa: uku kufulumire, uku kuchedwe, popanda chogwirizanitsa. Mukalikweza kwambiri simupeza katswiri, mupeza woomba ng'oma amene wadutsira ku mowa. Mu 2011 Holger Hennig ndi anzake a ku Göttingen ku Germany anafalitsa kafukufuku wa momwe anthu amaphonyera nthawi akamaomba. Anapeza kuti kuphonya kwa munthu kumakhala ndi chikumbukiro: kugunda kwa tsopano kumatengera kugunda kwa m'mbuyo, ngakhale kwa kale ndithu. Ndipo omvera anakonda nyimbo yosinthidwa mwa njira imeneyi kuposa yongomwazidwa. Aliyense amene anaimapo pa mtondo akadawauza zomwezo. Mnzanu akachedwa kutsitsa munsi, inu simufulumira mwadzidzidzi, apo ayi minsi iwombana. Mumachedwa naye limodzi, kenako nonse mumabwerera pang'onopang'ono. Choncho Humanize ikhale yochepa kwambiri. Bwino n'kusuntha ndi dzanja mwadala: snare yonse ya mu vesi ichedwe ndi mamilisekondi 10 kapena 15, kolasi ikamayandikira ibwerere pamzere. Kapena ombani nokha ndi zala pa kiyibodi, kenako quantize muyiyike pa 60 kapena 70 peresenti m'malo mwa 100, kuti ikonze zolakwika zazikulu koma isiye dzanja lanu. J Dilla wa ku Detroit anafika pozimitsiratu quantize pa MPC yake, ndipo mpaka lero oomba ng'oma enieni amaphunzira kutsanzira zimene ankachita pa makinawo.

Musaiwalenso kuti woomba ng'oma ali ndi manja awiri ndi mapazi awiri. Kompyuta ilibe nazo ntchito zimenezo, ikhoza kumenya ng'oma zisanu ndi ziwiri nthawi imodzi. Ngati manja onse ali kalikiliki pa ng'oma za matomu pomaliza vesi, hi-hat iyenera kukhala chete, chifukwa palibe dzanja lachitatu. Dzanja likapita kukamenya mbale ya crash, kugunda kwa hi-hat kwa pamalo amenewo kufufutidwe. Wosinja akamawomba m'manja, munsi uli m'mwamba.

Kunena zoona, zolakwika zambiri zimachokera pa kuchulutsa. Mu GarageBand muli kabokosi kokhala ndi kadontho kachikasu: kumanzere Simple, kumanja Complex, pansi Soft, pamwamba Loud. Logic Pro 11 ya mu 2024 inasintha maonekedwe n'kuyika zotsetsereka za Complexity ndi Intensity, koma ntchito ndi yomweyo. Dzanja la wachinyamata limathamangira kumanja ndi pamwamba, kenako limakweza Fills mpaka woombayo akugubuduza matomu pa mzere uliwonse wa nyimbo, woyimba kusowa popumira. Dulani nyimboyo m'zigawo. Vesi ikhale cha kumanzere ndi pansi, hi-hat yotseka. Kolasi ikwere, dzanja lisamukire pa mbale ya ride kapena hi-hat itseguke. Fills zibwere pamene chigawo chikusintha, monga wosinja amaimira pamene pali chifukwa, osati pa kugunda kulikonse.

Woomba weniweni amamveranso anzake, makamaka wa besi. Mu Logic muli Follow, imene imachititsa kick ndi snare kutsatira chida chimene mwasankha. EZdrummer 3 ya mu 2022 ili ndi Bandmate: mumaponyamo besi kapena gitala yanu, iyo n'kukupezerani kaombedwe kogwirizana nayo. Gwiritsani ntchito zimenezi, kenako sandutsani chigawocho kukhala MIDI kuti mukonze ndi dzanja pamene sipanakhale bwino. Za maikolofoni a chipinda, olembedwa Room kapena Ambience, akwezeni pang'ono kuti ng'oma zonse zimveke kuti zili malo amodzi.

Chinthu chimodzi makinawa sangakuchitireni. Kaombedwe kamene kamabwera nawo kanatengedwa makamaka kwa oomba rock, pop, funk ndi zina za kumeneko. Nyimbo zathu zambiri zovina, za kutchalitchi ndi za pa chinkhoswe zomwe, zimayenda patatupatatu, 6/8 kapena 12/8, ndipo pamene ife timatsindika si pamene Kyle amatsindika. Adzawerenga bwino, koma anthu savina. Zikatero mawu a ng'oma tengani mu pulogalamu, koma kaombedwe kachokere kwa munthu. Itanani mnyamata amene amaomba ng'oma ku kwaya, mumukhazike pa kiyibodi, agogode ndi zala zake, inu mujambule MIDI.

Ngati mwana uja akubwera nayo laputopu madzulo ano, musamupatse zonsezi nthawi imodzi. Muuzeni atsitse Fills, akonze velocity ya hi-hat ya vesi yoyamba yokha, kenako ayike nyimboyo pa foni mumvere limodzi. Zinazo zidikire mawa.