Maraundasi: mbale wa baseball wotsalira kumudzi

Anthu akamaliza kukolola chimanga ndi kukumba mbatata ya kachewere m'madera a Tsangano ndi Lizulu m'boma la Ntcheu, ana amapeza mpata wosewera mpaka dzuwa kulowa. Amodzi mwa masewero amene akhala akusangalatsa ana pamabwalo a sukulu ndi maraundasi.

Masewerowa salira ndalama. Mpira amaumanga ndi majumbo kapena nsanza, ndipo malo oima amawaika chizindikiro ndi njerwa. Gulu lina limaponya mpira, lina limamenya, kaya ndi ndodo, chikhatho ngakhale phazi, malinga ndi pangano la tsikulo. Womenya amaliyatsa liwiro kuzungulira bwalo, koma akangolasidwa ndi mpira asanafike panjerwa, ndiye kuti wafa.

Ambiri amangoti n'zachibwana, osadziwa kuti masewerowa ndi apachibale ndi baseball, imene lero ikulemeretsa anyamata ku America ndi ku Japan.

Dzina lokhalo likuulula kumene anachokera. Ku Mangalande amawatcha rounders, kutanthauza kuzungulira. Kumeneko anthu a m'midzi ankasewera masewero osiyanasiyana omenya mpira ndi ndodo kuyambira kalekale, mudzi uliwonse ndi malamulo ake.

Mawu oti baseball amapezeka kale m'buku la ana lotchedwa A Little Pretty Pocket-Book, limene John Newbery anasindikiza ku London m'chaka cha 1744. Malamulo a rounders nawo anatuluka m'buku la The Boy's Own Book mu 1828. Anthu osamukira ku America anapita nawo masewero oterewa.

Zinthu zinasintha mu 1845 pomwe kalabu ya Knickerbocker ya mumzinda wa New York inalemba malamulo ake. Limodzi mwa malamulowo linaletsa kugenda wothamanga ndi mpira, zimene ana a ku Ntcheu amachitabe chifukwa mpira wa majumbo supweteka kwenikweni. Kuletsa kugendako kunapereka mpata wogwiritsa ntchito mpira wolimba, umene umauluka patali ukamenyedwa.

Pa 19 June 1846, timu ya Knickerbocker inasewera ku Hoboken ndipo inakwapulidwa 23 kwa 1. Pofika 1869, timu ya Cincinnati Red Stockings inali italemba osewera ake onse ntchito yolipidwa.

Baseball itatchuka, ena ku America anayamba kuchita manyazi ndi kumene inachokera. Mtolankhani Henry Chadwick, yemwe anabadwira ku Mangalande, ankanenetsa kuti kholo lake ndi rounders, koma Albert Spalding, wamalonda a zipangizo za masewero, sankafuna kumva zimenezo.

Komiti imene inakhazikitsidwa kuti ithetse mkanganowu inagamula mu 1907 kuti anayambitsa baseball ndi msilikali Abner Doubleday ku Cooperstown mu 1839. Umboni wake unali makalata a nkhalamba imodzi basi. Akatswiri a mbiri anadzapeza kuti chaka chimenecho Doubleday anali pasukulu ya usilikali ku West Point. Lero ofufuza ambiri amati baseball ndi rounders ndi ana a mimba imodzi, obadwa kumasewero a m'midzi ya ku Mangalande.

Kuno kwathu, dziko litakhala pansi pa ulamuliro wa Angerezi kuyambira 1891, masewero omenya mpira ndi ndodo anayenda njira ziwiri. Cricket inakhazikika m'tauni pakati pa azungu ndi amwenye, chifukwa imafuna bwalo losalala ndi zipangizo zodula. Maraundasi anagwera m'manja mwa ana, amene anawakonza mogwirizana ndi zimene anali nazo.

Kusiyana kwa abale awiriwa kuli poyera: wina anapeza omulembera malamulo ndi kumukonzera mipikisano, pomwe mnzake anangosiyidwa pafumbi. Mwana wa ku Ntcheu amene ali ndi dzanja loponya molunjika alibe chikho choti alimbirane, ndipo akangokula pang'ono luso lija limathera pomwepo.

Komatu maiko ena a mu Africa aonetsa kuti n'zotheka. Mu 2012, ana a ku Lugazi m'dziko la Uganda anakhala timu yoyamba ya mu Africa kusewera mumpikisano wa Little League World Series ku America. Mu 2017, Gift Ngoepe wa ku South Africa, amene anakulira m'kachipinda ka pabwalo la baseball ku Randburg pomwe amayi ake ankagwira ntchito, anakhala woyamba wobadwira mu Africa kusewera muligi yaikulu ya ku America, mutimu ya Pittsburgh Pirates.

Boma la Ntcheu limadziwa kusunga zake. Angoni a kwa Maseko amasonkhana ku Nkolimbo pamwambo wa Umhlangano pofuna kuti ngoma ndi miyambo ina zisafe. Maraundasi safuna zambiri chotero: aphunzitsi ochepa ogwirizana pa malamulo amodzi, kuwalemba papepala, ndi kukonza mpikisano wa sukulu zoyandikana. Baseball nayo inayambira pomwepo, ndipo akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.