Tsiku la basela ku Shire

Mphwanga wokonda mabuku anandifunsa chifukwa chake tsiku lobadwa la Frodo, wa m'buku la J.R.R. Tolkien lotchedwa The Lord of the Rings, limagwa pa Mersday, Lachinayi lawo, chaka chilichonse. Ndinamuyankha msangamsanga kuti mlembiyo anaphonya masamu. Wophonya ndinali ine.

Sabata ya ahobiti, mtundu wa Frodo wokhala ku Shire, dziko la m'bukuli, ili ndi masiku 7 ngati yathu, koma imayamba ndi Sterday, tsiku la nyenyezi, nkuthera pa Highday, lopuma masana ndi kuchita madyerero madzulo. Pakati pake pali masiku a dzuwa, mwezi, mitengo, thambo ndi nyanja. Ife timangowerenga Lachiwiri, Lachitatu. Iwo amatchula zimene amaona.

Chinsinsi chili apa. Masiku 365 mukawaika m'milu ya 7, ngati tomato pamsika, mumapeza milu 52 ndipo limodzi limatsala. Lotsalali ndi limene limakankha kalendala yathu, mwakuti Khirisimasi ikakhala Lolemba chaka chino, chaka chamawa yasuntha. Ahobiti analisandutsa basela. Lili pakati penipeni pa chaka, amalikondwerera ndithu, koma silowerengedwa m'sabata iliyonse. Chaka cha masiku 366 chikafika, basela amakhala awiri.

Motero chaka chawo chimayamba pa Sterday nthawi zonse, ndipo palibe mwezi woyamba pa Highday. Mhobiti akakulonjezani kuti abweza ngongole pa Highday ya pa 1, ndalamazo ingoziiwalani.