Kodi Mwana Wathu Wafika Pati? Kuwerenga Kaundula wa Wophunzira Ali Pakhomo

Masiku ano m'mipingo yathu yambiri muli anyamata ndi asungwana, ndiponso aphunzitsi, anamwino ndi alembi a m'maofesi, amene ali kuphunzira maphunziro a digiri ali pakhomo pawo. Makolo a mwana wotere akafunsidwa kuti wafika pati, amayankha mokondwera kuti, "Tsopano ali chaka chachinayi." Yankho lotere likadakwanira mwanayo akadakhala ku sekondale, kumene kalasi imadziwika ndi chaka. Koma pa yunivesite yophunzitsa anthu ali kutali, munthu angathe kukhala chaka chachinayi asanatsirize ngakhale ntchito ya chaka chimodzi. Banja limene lagulitsa chimanga, mtedza ndi mbuzi kuti lilipire fizi liyenera kudziwa m'mene sukulu yotere imawerengera ntchito ya wophunzira, pakuti safunsa anadya phula.

Kuti nkhani imveke bwino, titenga chitsanzo cha University of South Africa, imene imadziwika ndi dzina lachidule lakuti Unisa, popeza Amalawi ambiri aphunzira kumeneko kuyambira kale. Sukuluyi inayamba mu 1873 ku Cape Town ndi dzina lakuti University of the Cape of Good Hope, ndipo ntchito yake poyamba inali kuyesa mayeso ndi kupereka madigiri kwa ophunzira a m'makoleji ena. Mu 1918 inasamukira ku Pretoria ili ndi dzina limene ili nalo lero, ndipo mu 1946 inayamba kuphunzitsa anthu mwa makalata a pa positi. Makolo amene akumbukira Malawi Correspondence College, imene inatsegulidwa kuno kwathu mu 1965, adziwa kale mtundu wa maphunziro amenewa. Lero foni ndi kompyuta zalowa m'malo mwa envulopu, koma chinthu chimodzi sichinasinthe: mphunzitsi saona nkhope ya wophunzira, ndipo mboni yokhayo ya ntchito yake ndiyo zolembedwa m'kaundula.

Makirediti

Digiri ya ku Unisa inagawidwa m'maphunziro ang'onoang'ono amene iwo amawatcha mamoduli. Moduli iliyonse ili ndi mtengo wake wa ntchito, ndipo mtengowo umayesedwa ndi makirediti. Ku South Africa kirediti imodzi imaimira maola 10 a ntchito, kuphatikizapo kuwerenga, kulemba ntchito zopatsidwa, kukonzekera mayeso ndi kulemba mayesowo. Mamoduli ambiri a digiri yoyamba ali ndi makirediti 12, ndiko kunena kuti maola 120. Digiri ya zaka zitatu imafuna makirediti 360, amene ali mamoduli 30, kapena maola 3,600. Satifiketi imene amaitcha Higher Certificate imafuna makirediti 120.

Tingafanizire makirediti ndi matumba a chimanga m'nkhokwe. Mlimi sitimfunsa kuti wapita kumunda masiku angati. Timayang'ana matumba amene wakolola. Momwemonso kirediti imalowa m'kaundula pokhapokha wophunzira atakhoza moduli yonse. Wolembetsa mamoduli asanu nakhoza awiri wakolola makirediti 24 okha, ngakhale banja linalipira fizi ya makirediti 60. Palibe theka la kirediti kwa munthu amene anafika pafupi ndi kukhoza.

Chiwerengero cha maola chimatithandizanso kupima katundu tisanasenze. Moduli imodzi imatha pa miyezi ngati inayi, kotero imafuna maola ngati asanu ndi atatu pa sabata. Mamoduli asanu pa nthawi imodzi ndi maola 40 pa sabata, ofanana ndi ntchito yolembedwa ya tsiku lonse. Tsono mphunzitsi wa ku pulayimale amene amaweruka masana ali ndi makope oti achonge, kapena mayi wa mwana wakhanda, akalembetsa mamoduli asanu wadzisenzetsa ntchito ziwiri. Nkwabwino kutenga awiri kapena atatu ndi kuwakhoza onse. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Malikisi

Kuti munthu akhoze moduli ayenera kupeza malikisi 50 pa 100, ndipo wopeza 75 kapena kuposa amalembedwa kuti wakhoza mwapamwamba. Koma malikisi otsirizawo amachokera mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndiyo ntchito zimene wophunzira amalemba ali kwawo natumiza pa masiku oikika. Mbali yachiwiri ndiyo mayeso a kumapeto. Kulemera kwa mbali iliyonse kumasiyana pa moduli ndi moduli, ndipo kumalembedwa m'kalata yoyamba ya moduliyo, imene amaitcha Tutorial Letter 101. Kalata imeneyi iyenera kuwerengedwa yonse sabata loyamba, ndipo m'mamoduli ambiri wosatumiza ntchito yofunikayo pa nthawi yake saloledwa kulemba mayeso. Alipo mamoduli ena amene alibe mayeso a kumapeto, amene malikisi ake onse amachokera ku ntchito zotumizidwa.

Tiyeni tiyerekeze moduli imene ntchito za kunyumba zilemera 20 ndipo mayeso alemera 80. Wophunzira woyamba wapeza 70 pa ntchito za kunyumba ndi 45 pa mayeso. Mbali yoyamba impatsa 14, yachiwiri impatsa 36, ndipo zonse pamodzi ndi 50. Ameneyu wakhoza, ngakhale pa mayeso sanafike theka. Khama lake la m'kati mwa chaka lamuwombola. Wachiwiri ananyalanyaza ntchito za kunyumba napeza 30, koma pa mayeso wapeza 52. Mbali yoyamba impatsa 6, yachiwiri impatsa 41.6, ndipo zonse sizifika 48. Ameneyu walephera, ngakhale anatuluka m'mayeso ali wokondwa. Wachitatu wapeza 90 pa ntchito za kunyumba koma 35 pa mayeso. Apa pali lamulo lina: wopeza malikisi ochepera 40 pa mayeso, ntchito zake za kunyumba siziwerengedwa konse. Choncho m'kaundula mulowa 35. Lamulo limeneli limatseka khomo kwa munthu amene angalembetse ntchito zake kwa wina nayembekeza kuti zimnyamula.

M'mamoduli ambiri wolephera amapatsidwa mwayi wachiwiri wolemba mayeso pa nyengo ya mayeso yotsatira. Akalepheranso, ayenera kulembetsa moduliyo kachiwiri ndi kulipira fizi yonse mwatsopano.

Kaundula

Wophunzira aliyense amalandira nambala yake pa tsiku limene walandiridwa, ndipo nambalayo sisintha. Pansi pa nambala imeneyo yunivesite imalemba moduli iliyonse imene iye analembetsa, chaka chake, malikisi ake, ndi mawu osonyeza ngati anakhoza, analephera kapena sanabwere ku mayeso. Wophunzira angathe kuona zotsatira zake pa intaneti kudzera pa myUnisa, koma chikalata chimene olemba ntchito ndi masukulu ena amachivomereza ndicho chochokera ku ofesi ya kaundula ya yunivesiteyo. Tidziwenso kuti wokhala ndi ngongole ya fizi amamubisira zotsatira zake kufikira atalipira.

Kaundula ali ndi ubwino waukulu, pakuti ntchito yokhozedwa imasungika. Nelson Mandela anachoka ku Fort Hare mu 1940 asanatsirize maphunziro, koma anatsiriza digiri yake ya BA kudzera ku Unisa nailandira mu 1943. Digiri ya zamalamulo anaipeza ku Unisa komweko mu 1989 ali m'ndende. Wophunzira amene waima chifukwa cha matenda, maliro kapena njala asaganize kuti thukuta lake lapita pachabe. Ndipo wosamukira ku yunivesite ina ya ku South Africa angathe kupempha kuti makirediti ake awerengedwe, ngakhale lamulo la kumeneko lifuna kuti theka la makirediti a digiri alipezere pa sukulu imene idzampatsa digiriyo.

Koma kaundula yemweyo saiwala zolephera. Moduli yobwerezedwa katatu imaoneka katatu. Wosamukira ku yunivesite ina amafunsidwanso chikalata cha khalidwe lake, ndipo wogwidwa ndi chinyengo pa mayeso angathe kuimitsidwa sukulu. Kuyambira mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unachititsa kuti mayeso a ku Unisa alembedwe pa intaneti, yesero la kubera lakhala pafupi ndi wophunzira kuposa kale, pakuti amalemba ali yekha m'chipinda.

Malire a zaka

Ena amayesa kuti pa maphunziro akutali munthu angathe kuzengereza kufikira imvi. Sizili choncho ayi. Ku Unisa digiri ya makirediti 360 iyenera kutsirizidwa m'zaka zisanu ndi zitatu, ndipo satifiketi ya makirediti 120 m'zaka zitatu. Chaka choyamba wophunzira ayenera kukhoza makirediti 36, ndiwo mamoduli atatu, ndipo zaka zotsatira makirediti 48 chaka chilichonse, ndiwo mamoduli anayi. Wosafika pa muyeso umenewu angathe kukanizidwa kulembetsanso. Chifukwa chake mwana amene ali chaka chachinayi koma ali ndi makirediti 96 okha ali pangozi, pakuti amtsalira makirediti 264 m'zaka zinayi.

Kwa makolo ndi achinyamata

Makolo anzathu, tisinthe funso lathu. Tizifunsa mwana kuti, "Makirediti ako afika angati, ndipo atsala angati?" Kawiri pa chaka, zotsatira zikatuluka, tikhale naye pansi tione pamodzi kaundula wake tisanatulutse fizi ina. Kholo losadziwa Chingerezi lipemphe mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo wodalirika kuti aliwerengere. Tichite zimenezi mwachikondi, chifukwa mwana amene amaopa ukali wa bambo ake amabisa kulephera, ndipo chobisikacho chimadya chuma cha banja mwakachetechete ngati anankafumbwe m'nkhokwe. Ana ena alipo amene alephera chifukwa ife tomwe tinawatuma kumunda, kuchigayo ndi kumsika pa maola amene anayenera kuwerenga. Ngati tavomera kulipira fizi, tivomerenso kupereka nthawi, nyali ndi malo a phee. Ndipo tisanalipire sukulu iliyonse yakutali, ya kuno kapena ya kunja, tiyambe tafunsa ku National Council for Higher Education ku Lilongwe ngati chikalata chake chidzavomerezedwa m'dziko lathu.

Inu achinyamata, werengani malamulo a sukulu yanu chaka chilichonse, popeza amasintha. Sungani bwino nambala yanu, malisiti a fizi ndi umboni wa ntchito iliyonse imene mwatumiza. Mukalephera moduli, uzani makolo anu sabata lomwelo, ndipo muwauze ndi chifukwa chake. Alipo anthu amene amalembera ophunzira ntchito zawo pa mtengo, muwakane. Mwaphunzira m'kalasi ya katekisimu kuti umboni wonama ndi tchimo, ndipo kaundula wa yunivesite ndi umboni umene udzakunenerani kwa anthu amene sanakuoneni. Mphunzitsi amene adzaima pamaso pa ana, kapena mlembi amene adzasunga ndalama za anthu, ndi malikisi ogula, adzapweteka anthu osalakwa. Malikisi 52 a thukuta lanu mudzaima nawo popanda mantha pamaso pa olemba ntchito, pamaso pa mpingo, ndi pamaso pa Mulungu amene amaona m'chipinda chimene muli kulemberamo nokha.