Chilombo Chogwira Chinzake: Phunziro la Mkungudza wa pa Mulanje

Mwambi wa makolo umati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma sakalumo konse kamene kamameta bwino, kena kamacheka. M'chaka cha 1986 nsabwe za m'mitengo zotchedwa Cinara cupressi zinaoneka koyamba m'Malaŵi muno, ndipo posakhalitsa zinakwera phiri la Mulanje ndi kugwira mkungudza, mtengo umene unali utangolengezedwa mu 1984 kuti ndiwo mtengo wa fuko lathu. Nsabwezi zimayamwa madzi a m'nthambi, ndipo malovu ake amaumitsa masamba, kotero kuti mtengo wobiriŵira umasanduka wofiirira ngati wawauka ndi moto. Kuno kwathu zazikazi zimabereka popanda zazimuna, nchifukwa chake zinachuluka msanga ndi kufalikira mpaka ku Tanzania, Kenya ndi Uganda.

Tsono tidzifunse: kachilombo kamene kwao sikatchuka konse, kakhala bwanji mliri kwa eni ake? Yankho nlakuti kwao kali ndi adani amene amakadya tsiku ndi tsiku, koma pooloka nyanja kamawasiya m'mbuyo. Kupopera mankhwala m'nkhalango ya pa phiri nkosatheka, pakuti mitengo njaitali, malo ngovuta kufikako, ndiponso mitsinje ya Ruo, Likhubula, Lichenya ndi Thuchila, imene anthu amamwa, imachokera komweko. Njira yotsala ndiyo kubwerera kwao kwa chilombocho ndi kukatenga mdani wake.

Nzeru imeneyi siyatsopano, ndipo zikumbu zolusa zokhala m'nthaka zinali pakati pa zoyamba kuyesedwa. Mu 1869 Étienne Léopold Trouvelot anali kuŵeta agulugufe ausiku a ku Ulaya, otchedwa Lymantria dispar, ku Medford m'chigawo cha Massachusetts ku America. Ena anapulumuka, ndipo patapita zaka makumi aŵiri mbozi zao zinali kukungudza nkhalango zathunthu. Pakati pa 1905 ndi 1910 akatswiri anatenga ku Ulaya chikumbu chobiriŵira chonyezimira chotchedwa Calosoma sycophanta. Chikumbuchi chimabisala m'nthaka nyengo yachisanu, koma mbozi zikatuluka chimakwera mitengo kukazisaka, ndipo mphutsi zake nazonso zimadya mbozi pamodzi ndi zikwa zomwe. Chinakhazikika ndithu ndipo chilipobe, koma ofufuza anaona kuti chimachuluka mbozi zitachuluka kale. Chimachepetsa mliri, koma pachokha sichiuletsa kubuka.

Ntchito yomweyo inaphunzitsanso chinthu china choŵaŵa. Mu 1906 anamasula ntchentche yotchedwa Compsilura concinnata kuti ithandize chikumbu chija. Ntchentcheyo sinasankhe: inayamba kupha mbozi za mitundu yoposa zana limodzi ya agulugufe a m'dzikomo amene sanalakwire munthu. Walira mvula walira matope. Kuchokera ku zolakwa zotere kunabadwa lamulo limene ofufuza amatsata lero, lakuti mdani asanamasulidwe ayambe wasungidwa m'nyumba yotsekedwa bwino, apatsidwe tizilombo tosiyanasiyana, kuti zidziŵike ngati adzadya chokhacho chimene wamuitanira.

Apa mpamene timvetse chifukwa chake nsabwe za mkungudza sanazitumizire chikumbu. Chikumbu chimadya chilichonse chimene chingachigonjetse, pamene nsabwe zofunika kuzithetsa zinali za mtundu umodzi, zobisala m'kati mwa nthambi. Bungwe lofufuza za nkhalango la Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba, mogwirizana ndi International Institute of Biological Control, linasankha kamavu kakang'ono ka ku Ulaya kotchedwa Pauesia juniperorum, ndipo kanamasulidwa pakati pa zaka za m'ma 1990. Kamavuka kamaikira dzira m'thupi la nsabwe. Mphutsi ikaswa imadya nsabweyo cham'kati mpaka kutsala chikhungwa chouma, m'mene mumatuluka kamavu kena kokasaka nsabwe zina. Kanakhazikika, ndipo ukali wa nsabwe unachepa. Alimi a chinangwa ku Nkhata Bay anali ataona kale zofananazo pamene kamavu kena ka ku South America kanagonjetsa kodikodi m'zaka za m'ma 1980.

Komabe mbiri ya mkungudza sinathe mokondweretsa. Mtengowu, umene dzina lake la Widdringtonia whytei limakumbutsa Alexander Whyte amene anakwera phirili mu 1891, umakula pang'onopang'ono, ndipo matabwa ake onunkhira sagwidwa chiswe. Ubwino womwewo ndiwo unauitanira macheka. Ngakhale phirili lakhala nkhalango yotetezedwa chiyambire 1927, kudula kwakuba ndi moto wolusa zinapitirira, mwakuti kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iŵiri yokha. Chiyembekezo chatsala pa mbande zimene Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akufesa ndi kubzala pa phiripo.

Mbande zimenezo zidzafunikabe kamavu kaja, zikumbu za pansi pa masamba oola, mbalame ndi akangaude, zonse zimene moto umodzi wa m'chilimwe umatha kuzipsereza tsiku limodzi. Ofufuza angathe kupezera nsabwe mdani wake. Koma macheka ndi machesi zili m'manja mwa anthu, ndipo oziletsa ndi mafumu, makhothi ndi ife amene timagula matabwawo.