MANKHWALA OWAWA NDI MWANA WOKANA KUMWA

Mai ali yense amene anayesapo kumwetsa mwana mankhwala a malungo aidziwa nkhondo yace: mwana amanga mano, nalavula, ndipo theka la mankhwala lithera pa malaya. Anthu ena amati mankhwala owawa ndiwo amphamvu. Koma mphamvu ya mankhwala siikhala m'kuwawa kwace ai, ndipo mankhwala olavulidwa saciritsa munthu. Kwa ife a m'matauni, okhalira malipiro a pa mwezi, mwana akabwereza kudwala ndiye kuti bambo kapena mai ajomba ku nchito, ndalama zina nizithera pa basi ndi ku cipatala.

Lilime ndi mlonda

Mwana wokana mankhwala sali wamwano. Zomera zambiri zaululu nzowawa, tsono lilime ligwira nchito ya mlonda wa pa khomo. M'caka ca 2000 akatswiri anapeza timagawo ta pa lilime tomva kuwawa, ndipo munthu ali nato mitundu ngati 25. Mlonda ameneyu ngwamaso kwambiri mwa ana kuposa mwa akulu. Cifukwa cace opanga mankhwala salimbana naye, koma afuna njira zomzembera.

Nkhani ya kwinini

Kwinini acokera ku makungwa a mtengo wa cinchona, womera m'mapiri a Andes ku South America. M'caka ca 1820 amuna awiri a ku Paris, Pelletier ndi Caventou, anatha kumcotsa m'makungwamo. David Livingstone, amene anafika ku Nyanja m'caka ca 1859, anayenda ndi mibulu yokhala ndi kwinini m'maulendo ace. Angerezi okhala ku India, polephera kupirira kuwawa kwace, anayamba kumsanganiza ndi madzi ndi shuga, ndipo cimeneci ndico ciyambi ca cakumwa cija cochedwa tonic.

Pambuyo pace panabwera nzeru zina. M'caka ca 1834 ku France anayamba kutsekera mankhwala m'timatumba tofewa tosungunuka m'mimba, timene lero tichedwa makapusozi. Ena anakuta mibulu ndi shuga, kuti ipitirire pa lilime kuwawa kusanaturuke. Koma khanda silitha kumeza mbulu wamphumphu, ndipo mai akausinja, cobisika cija cionekera poyera.

Dziko la Malawi linayamba kuciza malungo ndi mankhwala a LA m'caka ca 2007. Poyamba anamwino anali kusinja mibulu yace popatsa makanda. M'caka ca 2009 kampani ya Novartis, pamodzi ndi bungwe la Medicines for Malaria Venture, inaturutsa mbulu wotsekemera wosungunuka m'madzi pang'ono, wopangira ana. Mankhwala a likodzo, praziquantel, nawonso ngowawa koopsa ndipo mbulu wace ngwaukuru. M'caka ca 2023 akuru oyesa mankhwala ku Ulaya anabvomereza mtundu wina wa mibulu yaing'ono yosungunuka, ya ana osafika msinkhu wa sukulu.

Kutsekemera kuli ndi ngozi zace

Koma tisaganize kuti cotsekemera ciri conse ncabwino. M'caka ca 1937 ku America kampani ina inasungunula mankhwala a sulfanilamide m'madzi okoma ochedwa diethylene glycol, osawayesa. Anthu oposa 100 anamwalira, ena a iwo ana. Ululu womwewo unapezekanso m'mankhwala a cifuwa ku Gambia m'caka ca 2022, kumene ana pafupifupi 70 anataya moyo. Cifukwa cace botolo logula pa msika, lopanda dzina lodziwika la wopanga, liyenera kuopedwa ngakhale likome motani.

Zoti makolo akumbukire

Musasinje mbulu wokutidwa kapena kutsegula kapusozi musanafunse dokotala kapena namwino, pakuti cikuto cina cinaikidwa kuti mankhwala aturuke pang'onopang'ono m'thupi. Akakulolani kusanganiza, ikani mankhwala m'supuni imodzi ya phala, osati m'mbale yonse, pakuti mwana akasiya phala wasiyanso mankhwala. Mankhwala a LA afuna mkaka kapena cakudya ca mafuta kuti alowe bwino m'thupi, pamene tetracycline sayanjana ndi mkaka. Tsono funsani za mankhwala ali onse paokha. Uci usaperekedwe kwa mwana wosakwana caka cimodzi. Mwana akasanza atangomwa, bwererani ku cipatala mukafunse ngati ayenera kumwanso.

Potsiriza, musamuuze mwana kuti mankhwala ndi maswiti. Tsiku lina adzawapeza yekha inu muli ku nchito, nadzameza onse. Muuzeni zoona, kuti ndi mankhwala omciritsa, mumpatse madzi akumwera, ndipo botolo mulitsekere pamwamba pamene dzanja lace silifika.