Waona zoipa: unene kapena utseke pakamwa?

Tsiku la msika pa Mitundu fumbi limayamba kukwera dzuwa lisanafike paliwombo. Ngolo zimalowa zitadzaza matumba a mtedza ndi chimanga, anyamata a kabaza amaliza mabelu kupempha njira, pomwe amayi amakhala atayala tomato, usipa ndi zovala za kaunjika m'mbali mwa msewu. Koma phokoso lonseli limatha kusintha ndi mfuu imodzi yokha: “Wakuba!”

Mfuuyo ikangomveka, anthu amagawikana patatu. Ena amatola miyala ndi zibonga n'kuthamangira komwe kwavutako. Ena amalongedza malonda awo, kukoka ana n'kuzemba. Ambiri amangoima chapatali kuonerera. Apolisi akafika n'kufunsa yemwe adayamba kugenda, yankho limakhala limodzi, kuyambira kwa wogulitsa mandasi mpaka kwa wometa tsitsi: palibe adaona.

Izi si za pamsika pokha. Kumidzi yozungulira Nathenje, pamsewu wa M1, bambo atha kudzidzimuka pakati pa usiku atamva ng'ombe za mnansi wake zikutuluka m'khola. Posuzumira pawindo, n'kuzindikira kuti mmodzi mwa akubawo ndi mwana wa m'mudzi momwemo. Naye mayi atha kumamva kulira kwa mwana wa nyumba yoyandikana usiku ndi usiku, akudziwa bwino lomwe kuti si malungo.

Onsewa amagona ndi funso limodzi: ndinene, kapena ndisamale mutu wanga ndi wa ana anga?

Mantha ali ndi zifukwa zake

N'kwapafupi kunyoza munthu wokhala chete kuti ndi wamantha. Koma pamalo ngati Mitundu ndi Nathenje, pomwe anthu amadziwana mayina, minda ndi makomo, mboni ilibe kobisala. Amene wamunenezayo ndi yemwe udzakumane naye kuchigayo, pamjigo kapena pamaliro. Mwina ndi mphwako, mwina mlamu wako.

Palinso nkhani ya belo. Malamulo aakulu a dziko lino amati munthu womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wotuluka pabelo pokhapokha ngati pali chifukwa chomveka chomusungira m'chitokosi. Kwa odziwa malamulo, uwu ndi ufulu woteteza aliyense. Koma kwa mayi yemwe adaperekera umboni Lolemba n'kuona woganiziridwayo akumwa tiyi pasiteji Lachisanu, belo imaoneka ngati mpeni woloza pakhosi pake.

Umboni umadyanso nthawi ndi ndalama. Mlandu ukamaimitsidwaimitsidwa, mboni imasiya munda kapena okala yake, n'kulipira minibasi kuti ikangomva zoti ibwerenso mwezi wamawa. Ena amaopa kuti akanyamula munthu wovulala kupita naye kuchipatala kapena kupolisi, mafunso oyamba agwera iwo omwe.

Achikulire ali ndi chifukwa chinanso. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, womwe udatha mu 1994, munthu wokanena mnzake kwa akuluakulu ankatchedwa kapirikoni, ndipo mabanja ambiri adalira kaamba ka anthu otere. Dzinalo lidasiya chipsera. Mpaka lero alipo omwe amaona kukanena kupolisi ngati kugulitsa mbale.

Zomwe zidachitika kwa Msundwe

Boma la Lilongwe lomweli lili ndi chitsanzo chomwe chimaonetsa mbali zonse ziwiri za nkhaniyi. Msundwe ndi malo a malonda ngati Mitundu ndi Nathenje, kungoti ali kuzambwe, pamsewu wopita ku Mchinji.

Pa 8 October 2019, dziko lili pamkangano wa zotsatira za chisankho cha chaka chimenecho, anthu adatseka msewu kwa Msundwe pofuna kuletsa ena kupita kumsonkhano wa Pulezidenti Peter Mutharika mumzinda wa Lilongwe. Apolisi atabwera kudzatsegula msewuwo, chigulu chidagenda mpaka kupha mmodzi wa iwo, Usumani Imedi. Zidachitika dzuwa likuswa mtengo, anthu ambirimbiri akuona.

Zotsatira zake zidagwera omwe sadagende n'komwe. Apolisi adalowa kwa Msundwe, kwa M'bwatalika ndi ku Mpingu, akuponya utsi wokhetsa misozi. Abambo ambiri adathawa, ndipo m'nyumba mudatsala amayi ndi ana. Mu December chaka chomwecho bungwe loona za ufulu wachibadwidwe la Malawi Human Rights Commission, MHRC mwachidule, lidatulutsa lipoti lotsimikiza kuti apolisi ena adagwiririra ndi kuchitira nkhanza amayi ndi atsikana m'maderawa.

Amayiwo akadatha kukhala chete, ndipo palibe akadawadzudzula. Omwe ankawanenawo adali anthu a yunifolomu ndi mfuti. Kuulula kudatanthauza kuika banja pachiswe, kulozedwa zala pamsika ndi kunenedwa kuti akunama, monga ena adawaneneradi. Komabe amayi ndi atsikana 18 adalimba mtima, ndipo mothandizidwa ndi bungwe la maloya achizimayi la Women Lawyers Association adakasuma kubwalo lalikulu la milandu.

Mu August 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda adagamula mokomera amayiwo. Adalamula kuti boma liwapatse chipukuta misozi ndiponso kuti apolisi okhudzidwawo afufuzidwe. Chaka chotsatira khoti lidaika chipukuta misozicho pakati pa K4 miliyoni ndi K10 miliyoni kwa aliyense.

Ndalama sizifufuta zomwe zidawachitikira. Koma chofunika kuchiona n'chakuti amayiwa sadapite mmodzimmodzi. Adayenda pagulu, adafotokozera mabungwe omwe adalemba umboni wawo, ndipo adapeza owayankhulira. Mayi mmodzi yekha akadatha kuopsezedwa n'kubwerera panjira. Kutseka pakamwa anthu 18 nthawi imodzi si chinthu chapafupi. Akuluakulu adanena kale kuti mutu umodzi susenza denga.

Umboni wa dotolo

Kuchokera pa Nathenje kulowera kumwera, munthu akawoloka mtsinje wa Diamphwe ndiye kuti walowa m'boma la Dedza. M'bomali ndi momwe mu February 2019 anthu adathyola nyumba usiku n'kuba mnyamata wachialubino wa zaka 14, Goodson Makanjira. Mmodzi mwa omwe adamangidwa pomuganizira pa nkhaniyi, Buleya Lule, adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe patangopita masiku ochepa, asanafotokoze mbali yake yonse kukhoti.

Panthawiyo anthu adali okwiya ndi kuphedwa kwa anthu achialubino, ndipo sadali ambiri omvera chisoni munthu woganiziridwa mlandu wotere. Nkhani ikadatha kuthera kumanda. Koma MHRC idapempha katswiri wopima mitembo, Dr Charles Dzamalala, kuti aunike thupilo. Iye adalemba zomwe adapeza mosabisa: Lule adazunzidwa, ndipo chidamupha ndi mphamvu ya magetsi.

Padapita zaka zoposa zisanu chilungamo chisanaoneke. Mu December 2024 bwalo lalikulu ku Lilongwe lidapeza apolisi 6 olakwa pa mlandu wopha Lule, ndipo pambuyo pake lidawalamula kukakhala kundende zaka zoyambira 15 mpaka 20. Mlandu suwola, koma umafuna munthu woti ausunge ndi umboni. Dotoloyo sadagwire chibonga kapena kulimbana ndi wina aliyense. Adangokana kusintha zomwe maso ake adaona.

Kugenda si kulimba mtima

Pali chinthu china chomwe anthu amachisokoneza ndi kulimba mtima. Mnyamata yemwe amathamangira kukagula petulo wakuba akagwidwa amadziona ngati ngwazi yoteteza msika. Koma kugenda munthu womangidwa manja uli pakati pa anthu 200 sikufuna mtima wolimba. Chigulu ndi malo obisalamo, chifukwa aliyense amadziwa kuti mawa palibe adzatchulidwe.

Mu April 2016 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wachibadwidwe idadandaula kuti anthu 16 adaphedwa ndi chigulu m'dziko muno m'miyezi iwiri yokha. Mwa iwo mudali anthu 7 omwe adawotchedwa ku Nsanje powaganizira kuti adali ndi mafupa a anthu, komanso bambo wina yemwe chigulu chidakamutulutsa m'chitokosi cha apolisi ku Dedza n'kumupha. Anthu otere amafa mlandu wawo usanamveke, ndipo ngati adali ndi anzawo pa zoipazo, mayina a anzawowo amalowa nawo m'manda.

Lamulo limalola munthu wamba kugwira yemwe wamupeza akuchita mlandu waukulu, koma limati amupereke kwa apolisi mosachedwa. Sililola kumenya, kuwotcha kapena kugumula nyumba. Choncho pamsika pakavuta, wolimba mtima weniweni ndi uja amatsegula pakamwa n'kunena kuti basi, tiyeni naye kupolisi. Iyeyo ndiye amaika moyo wake pachiswe, chifukwa chigulu chitha kumutembenukira n'kumuti ndi mnzake wa wakubayo.

Chodabwitsa n'chakuti anthu oleretsa si osowa monga momwe ambiri amaganizira. Mu 2019 akatswiri otsogozedwa ndi Richard Philpot wa payunivesite ya Lancaster ku England adaunika zithunzi za makamera a m'misewu za mikangano ndi ndewu 219 m'mizinda ya Cape Town, Amsterdam ndi Lancaster. Adapeza kuti pa ndewu 10 zilizonse, pa 9 padapezeka munthu wolowererapo, ndipo anthu akachuluka mwayi woti wina aleretse umakulanso. Kuleretsako nthawi zambiri sikudali kubwezera nkhonya ayi, koma kuima pakati, kukokera wina pambali ndi kuziziritsa mitima.

Njira yapakati ilipo

Nanga bambo wa ku Nathenje uja, yemwe waona nkhope ya wakuba ng'ombe, atani? Kutuluka yekha ndi tochi kukakumana ndi anthu a zikwanje n'kudzipereka kuimfa, ndipo ana ake sadzadya mbiri yoti bambo awo adali ngwazi. Paja mwamuna mnzako n'pachulu, umalinga utakwerapo. Koma kubwerera pamphasa n'kufunda bulangete si njira yokhayo yotsala.

Atha kukuwa ali m'nyumba momwemo kapena kuimbira foni anansi kuti atuluke onse pamodzi. Atha kusunga m'mutu nthawi, chiwerengero cha anthuwo, zovala zawo ndi komwe alowera. Kukacha atha kupita kwa a mfumu, kwa a komiti ya chitetezo cha m'mudzi kapena kupolisi, ali ndi mnzake mmodzi kapena awiri, n'kupempha kuti dzina lake lisatchulidwe pagulu. Nambala ya apolisi ya zadzidzidzi ndi 997.

Malamulo a milandu m'dziko muno amati ndi mlandu kudziwa kuti wina akukonza kapena akuchita mlandu waukulu koma osachitapo kanthu kuti ulepheretse. Komatu lamulolo limapempha zomwe munthu angathe, osati kuti afere pomwepo.

Pa nkhani za ana, lamulo la 2010 loteteza ana limaika udindo pa aliyense wa m'mudzi. Yemwe ali ndi chifukwa chokhulupirira kuti mwana akuzunzidwa akuyenera kudziwitsa a mfumu, apolisi kapena a zachisamaliro cha anthu. Mayi uja womva kulira usiku sakufunika kukagogoda pakhomo la mwini nkhanzayo. Atha kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena kupita kuofesi yothandiza ozunzidwa yomwe imapezeka kupolisi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Nanga ngati wolakwayo ndi wapolisi? Kupatula MHRC, pali nthambi yapadera ya Independent Complaints Commission, yomwe ntchito yake ndi kulandira ndi kufufuza madandaulo okhudza apolisi. Nawo a Legal Aid Bureau amathandiza pa milandu anthu omwe sangakwanitse kulipira loya.

Njira zonsezi sizichotseratu mantha. Mboni itha kuopsezedwabe, mlandu utha kuchedwa, ndipo achibale a woganiziridwa atha kusiya kupereka moni. N'chifukwa chake udindo sungagwere mboni yokha. Apolisi akasunga chinsinsi cha yemwe wawatsina khutu, mfumu ikakana kulandira nkhuku ya woganiziridwa, mpingo ndi komiti ya pamsika zikaperekeza mboni kukhoti, kulankhula kumapepukirako. Mudzi womwe umasiya mboni ili yokha usadabwe mawa ukasowa woona.

Kukhala chete nakonso kuli ndi mtengo wake, kungoti sulipiridwa tsiku lomwelo. Wakuba ng'ombe yemwe sadatchulidwe chaka chino amadziwa makola onse a m'mudzimo, kuphatikizapo la bambo adasuzumira pawindo uja. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Dzuwa likapendeka pa Mitundu, ngolo zimabwerera zopanda kanthu ndipo amayi amamanga ndalama kunsonga ya chitenje. Msika wotsatira mfuu ija itha kumvekanso. Otola miyala adzakhalapo, ozemba nawonso adzakhalapo. Koma ambiri adzakhala aja oima chapatali, ndipo apolisi akadzafunsa, ndi iwowo adzasankhe ngati yankho lidzakhalenso lakuti palibe adaona.